Madzi Afike pa Chibangili

Uyu ndi Kawerenga. Dzinali anamupatsa ndi amalume ake. Anamupatsa chifukwa mwanayu amawerenga chilichonse. Amawerenga masitepe. Amawerenga mabatani. Amawerenga ngakhale mawanga a mphaka.

Kawerenga amaimba m'kwaya ya kusukulu. M'kwayamo muli ana khumi, asanu ndi mmodzi. Iye ndi wamfupi kuposa onse. Choncho amaima kutsogolo. Ndipo kunena zoona, kutsogoloko amakukonda.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudandaulitsa. Kwayayo inalibe malaya ofanana. Uyu obiriwira. Uyu achikasu. Uyu amizeremizere. Kawerenga ankafuna kuti onse afanane. Ankafuna malaya ofiira. Ofiira psuu!

Tsiku lina aphunzitsi anabwera ndi nsalu yoyera.

"Loweruka la sabata yamawa tidzaimba pamaso pa makolo," anatero aphunzitsi. "Nsalu nayi. Koma tikufuna yofiira. Angatinyikire ndani?"

Ana ena amakweza dzanja. Kawerenga anakweza thupi lonse.

"Amayi anga!" anafuula. "Amalume anga amasoka. Amayi anga amanyika nsalu. Amayi anga salakwa. Sanalakwepo chibadwire!"

Kumbuyo kunali mtsikana wamtali. Anzake ankamutcha Mlongoti.

"Chibadwire?" anafunsa Mlongoti. "Iwe unalipo?"

Ana onse anaseka. Kawerenga sanaseke.

"Udzaona Loweruka," anatero.

Pakamwa pa mwanayu panalibe chitseko. Koma za amayi akezo sankanama kwenikweni.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli chipinda chogwiriramo ntchito. Mbali ina kuli makina osokera a amalume. Mbali ina kuli mpopi ndi zitini za utoto. Panja pali zingwe zitatu zoyanikapo nsalu.

Amalume anasoka malaya onse. Makina anali krrr, krrr, masiku atatu. Kenako inafika nthawi ya amayi.

Amayi anali ndi beseni lawo lakale. Linali ndi zaka zambiri kuposa Kawerenga. Analinso ndi chibangili chamkuwa padzanja lamanja. Chibangilicho ndicho chinali muyezo wawo.

Amayi ankatsegula mpopi. Ankaimika zala pansi pa beseni. Madzi ankakwera, ankakwera. Akafika pa chibangili, amayi ankatseka mpopi.

Pogwira ntchito ankanena mawu omwewo, ngati nyimbo:

"Madzi afike pa chibangili.
Utoto masupuni awiri.
Mchere kapu imodzi.
Malaya anayi."

Kawerenga ankawadziwa mawuwa pamtima. Mphaka nayenso ayenera kuti ankawadziwa.

Lachinayi amayi ananyika malaya anayi oyamba. Anawatakasa ndi ndodo. Anawatsukuluza. Anawayanika pachingwe. Malayawo anali ofiira. Ofiira psuu!

Kawerenga anaima pansi pa chingwe, manja m'chiuno. Anamva kukoma mumtima.

Koma kenako anamva kaphokoso.

Tho. Tho. Tho.

Anasuzumira pansi pa beseni. Beseni lakale linali litabooka.

"Musadandaule, achemwali," anatero amalume. "Nkhani yaing'ono iyi."

Amalume anapita kumsika. Anabwera ndi beseni latsopano pamutu. Linali lonyezimira. Linali lotambalala. Pakhomo analowa nalo chopendeka.

"Mwabweretsa beseni kapena dziwe?" anafunsa amayi, akuseka.

"Amayi aakulu, beseni lalikulu," anayankha amalume.

Beseni lakale analiika kuseri kwa chitseko. Mphaka analowamo. Anazungulira kawiri, n'kugona.

Lachisanu masana Kawerenga anathamanga pochokera kusukulu. Ankafuna kuona chingwe chodzadza ndi malaya ofiira. Anafika pakhomo ali wefuwefu. Anayang'ana pachingwe. Anaima njii.

Malaya anayi anali ofiira psuu.

Malaya anayi anali otuwa mbuu.

Sanali ofiira. Sanali oyera. Anali apinki, ngati lilime la mphaka.

Kawerenga anawerenganso. Mwina maso ananama. Anayi psuu. Anayi mbuu. Maso sananame.

M'chipindamo amayi anali atakhala pa kampando. Ankayang'ana manja awo. Patebulo panali malaya ena oyera, osanyika.

"Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Sindikudziwa, mwanangu," anatero amayi. "Ndachita zonse monga mwa masiku onse. Madzi anafika pa chibangili. Utoto masupuni awiri. Mchere kapu imodzi. Malaya anayi."

"Ndiye utotowo ndi wabodza," anatero amalume.

"Chitini n'chomwecho cha dzulo, achimwene."

"Ndiye tigule china."

"Ndapita kale kusitolo. Wofiira watha. Ubwera sabata yamawa."

Amayi anagwedeza chitini. Munali utoto wochepa. Unkangomveka pansi penipeni.

"Thiraniko wonse," anatero amalume. "Chifike chifike."

"Ndikathira mongoyerekeza, ndiwononga," anatero amayi. "Ukachepa, atuwa. Ukachuluka, aderako. Mwayi watsala umodzi basi."

Amalume anakanda mutu.

"Chabwino, nzeru ina nayi. Ofiira aime kutsogolo. Apinki aime kumbuyo. Oyera abisale kuseri kwa aphunzitsi."

Palibe anaseka. Kawerenga anaganiza za Mlongoti. Mlongoti amaima kumbuyo. Mlongoti atavala pinki! Nkhani yake singathe chaka chino.

Amayi anausa moyo.

"Paja amati tsobola wakale sawawa," anatero. "Mwina dzanja langa lakalamba. Ndipita kwa aphunzitsi. Ndikapepese. Akafune munthu wina."

Kenako amayi anavula chibangili. Anachiika patebulo. Chinalira kuti ngwee.

Kawerenga anali asanaonepo dzanja la amayi lopanda chibangili. Anamva chisoni chachikulu. Za Mlongoti anaziiwala. Ankangoona dzanjalo.

"Kawerenga, apangire amalume ako tiyi," anatero amayi. "Ine ndikasinthe zovala."

Kawerenga anapita kukhitchini. Anafuna kapu ya amalume. Amalume ali ndi kapu yawo yaing'ono, yamaluwa. Anaipeza pamakina osokera. Inali yodzadza ndi mabatani.

Choncho anatenga kapu ina. Inali yaikulu, yachitsulo. Anathiramo tiyi mpaka pakamwa. Anathira shuga masupuni awiri. Amalume amamwa awiri tsiku lililonse. Anatakasa bwinobwino.

Amalume anamwa kamodzi. Nkhope inachita makwinya.

"Iwe, shuga wathawira kuti?"

"Ndathira, amalume."

"Angati?"

"Awiri. Monga mwa masiku onse."

"Awiri m'chikapu chimenechi? Iyi si kapu, mwana iwe. Ichi n'chitsime!"

Kawerenga anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Koma maso ake anagwera pa makapu aja.

Anayang'ana kapu yaing'ono. Anayang'ana kapu yaikulu.

Anayang'ana beseni lakale. Anayang'ana beseni latsopano.

Mtima unagunda. Di! Di! Di!

Anakumbukira phunziro la sayansi. Tsiku limenelo aphunzitsi anathira shuga m'madzi. Anatakasa. Shuga anasowa.

"Shuga wapita kuti?" anafunsa aphunzitsi.

"Wafa!" anayankha ana.

"Sanafe," anatero aphunzitsi. "Wasungunuka. Wagawikana kukhala tinthu ting'onoting'ono. Maso sangatione. Koma tili momwemo."

Kenako aphunzitsi anawatengera m'kachipinda ka mabuku. Ana onse anapanikizana. Uyu kuponda uyu. Uyu kugunda uyu. Atatero anawatulutsa kupita pabwalo la mpira. Ana omwewo anamwazikana. Uyu apa. Uyu uko. Bwalo linaoneka ngati lopanda anthu.

"Ndi mmene tinthu tija timachitira," anatero aphunzitsi. "M'madzi ochepa timapanikizana. M'madzi ambiri timamwazikana."

Kawerenga anamvetsa tsopano. Utoto sunathawe. Utoto unamwazikana.

Amayi anatuluka atasintha. Anali atavala nsapato zawo zoyendera. Anagwira chitseko.

Kawerenga anachita mantha pang'ono. Mwana angauze amayi ake za ntchito yawo? Ntchito imene anaiyamba iye asanabadwe? Koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Amayi, tadikirani."

Amayi anacheuka.

"Dzanja lanu silinalakwe," anatero Kawerenga. "Utoto sunalakwe. Madzi ndi amene anachuluka."

"Ayi, mwanangu. Madzi anafika pa chibangili. Ndinaona ndi maso angawa."

"Ndiloleni ndiwerenge, amayi. Chonde. Pang'ono pokha."

Amayi anayang'ana dzuwa panja. Linali likadali pamwamba.

"Chabwino," anatero. "Werenga."

Kawerenga anakoka beseni lakale. Mphaka anali momwemo.

"Pepani, a mphaka," anatero. "Nyumba yanu tikuifuna."

Mphaka anatuluka monyinyirika. Anakakhala pa malaya a amalume.

Kawerenga anatenga jagi yakukhitchini. Anabwerekanso choko cha amalume, cholembera pansalu.

"Amalume, mutseke kabowoka ndi chala."

"Chala changa? Chosokera?"

"Chomwecho."

"Taonani zimene ana a masiku ano akutichita," anatero amalume. Koma anagwada. Anatseka kabowoko ndi chala chachikulu.

Kawerenga anatola chibangili patebulo. Anachipereka ndi manja awiri.

"Amayi, valani. Popanda ichi sindingawerenge."

Amayi anachiyang'ana kanthawi. Kenako anachivala. Anaimika zala pansi pa beseni lakale.

Kawerenga anayamba kuthira. Jagi iliyonse ankaidzadza mpaka pakamwa. Akathira, ankalemba kamzere pansi.

"Jagi yoyamba."

Madzi anamiza zikhadabo.

"Yachiwiri."

Madzi anamiza zala.

"Yachitatu."

Madzi anafika pachikhatho.

"Fulumira," anatero amalume. "Chala chikuzizidwa."

"Yachinayi."

Madzi anakhudza chibangili.

"Basi," anatero amayi. "Apa ndi pomwe ndimatsekera mpopi."

Kawerenga anawerenga timizere. Tinali tinayi.

"Beseni lakale limamwa majagi anayi," anatero. "Tsopano latsopano."

Amalume anachotsa chala. Madzi anawathira pa bondo. Anadumpha ngati alumidwa.

Amayi anaimika zala m'beseni latsopano. Kawerenga anathira majagi anayi. Analemba timizere tinayi.

Madzi sanamize ngakhale zala.

"Aa!" anatero amayi.

Kawerenga anathira anayi ena. Analemba timizere tina tinayi.

Madzi anafika pachikhatho. Chibangili chinali chikadali chouma.

"Aa aa!" anatero amayi.

Kawerenga anathira anayi enanso. Manja anatopa. Koma sanataye ngakhale dontho.

Pamenepo madzi anakhudza chibangili.

Onse atatu anayang'ana pansi. Panali magulu atatu a timizere. Anayi. Anayi. Anayi.

Kawerenga analemba ndi choko:

4 + 4 + 4 = 12

"Majagi khumi ndi awiri," anatero. "Beseni limodzi ili ndi mabeseni akale atatu."

Amayi anagwira pakamwa ndi dzanja lonyowa. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Zaka zonsezi ndimayeza kuya kokha. Kutambalala kwake osakuona!"

"Chibangili chimadziwa beseni lakale," anatero Kawerenga. "Latsopanoli sichinalizolowere."

"Ndiye wolakwa ndi amene anagula beseni," anatero amayi. Anayang'ana amalume ndi diso limodzi.

"Ine ndinangogula chimene chinandikongolera," anatero amalume.

Koma ntchito inali isanathe. Dzuwa silidikira munthu.

"Tsopano tithire utoto wochuluka bwanji?" anafunsa amayi. Sanafunse amalume. Anafunsa Kawerenga.

Kawerenga anamva ngati watalika pang'ono.

"Ndikudziwa ine," analowerera amalume. "Majagi khumi ndi awiri, masupuni khumi ndi awiri."

"Ayi, amalume. Majagi anayi amafuna masupuni awiri okha."

Kawerenga anagwada pa timizere paja. Analoza gulu loyamba.

"Awa akufuna masupuni awiri."

Analoza gulu lachiwiri.

"Awa akufuna awiri."

Analoza gulu lachitatu.

"Awanso akufuna awiri."

Analemba:

2 + 2 + 2 = 6

"Masupuni asanu ndi imodzi," anatero.

"Nanga mchere?" anafunsa amayi.

Kawerenga analemba:

1 + 1 + 1 = 3

"Makapu atatu. Madzi akachuluka katatu, zonse zichuluke katatu."

"Zonse?" anafunsa amayi. "Ndi malaya omwe?"

Kawerenga anaganiza. Malaya anayi, anayi, anayi. Khumi ndi awiri! Anathamangira kuchingwe. Apinki analipo anayi. Anathamangira kutebulo. Oyera analipo asanu ndi atatu. Anawerenga ndi zala.

"Amayi! Otsala onse ndi khumi ndi awiri! Alowa onse nthawi imodzi!"

"Mwaona?" anatero amalume. "Beseni langa lija. Ndinkadziwa ine."

Panatsala funso limodzi. Kodi utoto ukwana?

Amayi anavala magolovesi. Anatenga kambale kouma. Anatsegula chitini. Supuni iliyonse ankaisalaza ndi mpeni, kuti zonse zifanane.

Kawerenga ankawerenga motsitsa mawu.

"Yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu."

Pansi pa chitini panayamba kuoneka.

"Yachinayi. Yachisanu."

Supuni inalira m'chitini. Kwe, kwe, kwe. Amayi anapendeketsa chitini. Anachigogoda. Anakanda m'mbali.

Supuni inadzadza.

"Yachisanu ndi chimodzi!" anafuula Kawerenga.

M'chitinimo munangotsala kafumbi. Akanathira mongoyerekeza, bwenzi zitavuta.

Amayi anathira utoto m'madzi. Anathira mchere makapu atatu. Anatakasa ndi ndodo. Utoto unasungunuka. Mchere unasungunuka. Madzi anafiira psuu.

Kawerenga anakumbatira malaya onse. Oyera ndi apinki omwe. Anafuna kuwaponyamo.

"Ima pomwepo!" anatero amayi.

Kawerenga anaima.

"Apinkiwo anadya kale m'mawa," anatero amayi. "Oyerawa ali ndi njala. Akalowa limodzi, apinki akhuta kwambiri. Aderako kuposa anzawo. Ayambe oyera."

"Zimenezo aphunzitsi sanatiuze," anatero Kawerenga.

"Zimenezi amaphunzitsa ndi manja," anatero amayi.

"Ndiye apinki alowa nthawi yanji?"

"Ndikuuza. Maso anga akudziwa."

Amayi anamiza malaya oyera. Anatakasa. Anatembenuza. Ankanyamula amodzi ndi ndodo, n'kuwayang'ana. Ankawabwezeramo. Nkhope yawo inali itasintha. Anali amayi aja a masiku onse.

Kawerenga ankawayang'ana. Ankawanyadira kwambiri.

"Tsopano," anatero amayi.

Apinki analowa. Amayi anatakasanso. Anatembenuzanso.

"Atha?" anafunsa Kawerenga.

"Ayi."

"Nanga pano?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu."

Kawerenga anayesa kudekha. Anawerenga malata a denga. Anawerenga mapini a amalume. Anawerenganso mawanga a mphaka. Anali asanasinthe.

Pomaliza amayi anavuula malaya. Anawatsukuluza mpaka madzi anayera. Onse atatu anathandizana kuyanika. Zingwe zitatu zinadzadza.

"Afiira!" anakuwa Kawerenga.

"Usathamange," anatero amayi. "Nsalu yonyowa imanama. Tiiona ikauma."

Anakhala pakhonde. Mphepo inkaomba. Malaya ankavina pachingwe. Dzuwa linkatsika pang'onopang'ono. Amalume anamwa tiyi wawo wozizira uja. Sanadandaulenso za shuga.

Dzuwa lisanalowe, amayi anagwira malaya amodzi. Anali atauma.

"Tsekani maso, nonse awiri," anatero amalume.

Anatseka maso. Amalume anaanula malaya onse. Anasakaniza a dzulo ndi a lero. Anawayala patebulo.

"Tsegulani. Ndilozereni a dzulo."

Kawerenga anayang'ana. Anayang'anitsitsa. Analoza amodzi.

"Walephera," anatero amalume. "Awa anali apinki."

Amayi anawanyamulira kuwindo. Anawaona kutsogolo. Anawaona kumbuyo. Anapukusa mutu.

"Sindikuwadziwa," anatero.

"Inenso ndaiwala," anatero amalume.

Onse anali ofanana. Onse anali ofiira. Ofiira psuu!

Amalume anagwira amayi paphewa.

"Achemwali, tsobola uja akuwawabe."

Amayi anavula nsapato zoyendera. Anazikankhira pansi pa tebulo.

Loweruka m'mawa Kawerenga anavala malaya ake. Anadziyang'ana pagalasi katatu.

"Bwera kuno," anatero amayi. "Bweretsa dzanja."

Amayi anali ndi kansalu kofiira. Kanali kotsala pa malaya. Anakaluka bwinobwino. Anamumangirira padzanja lamanja.

"Changa chimayeza madzi," anatero amayi. "Chako chiziwerenga majagi. Kuyambira lero tizigwira awiri."

Pakamwa popanda chitseko paja panatsekeka pokha. Kawerenga anangowakumbatira.

Kusukulu holo inali yodzadza. Makolo anakhala pamabenchi. Ena anaima m'mawindo. Kuseri kwa katani ana ankavala malaya.

Mlongoti anavala ake. Anadziyang'ana mikono. Anayang'ana a anzake.

"Chabwino," anatero. "Amayi ako salakwadi."

Kawerenga anaganiza pang'ono.

"Analakwa kamodzi," anatero. "Koma anakonza tsiku lomwelo."

Aphunzitsi anamva. Anafunsa chimene chinachitika. Kawerenga anafotokoza za mabeseni awiri. Anafotokoza za majagi ndi masupuni.

"Madzi katatu, utoto katatu, mchere katatu," anamaliza.

"Ukudziwa dzina la zimene wachitazo?" anafunsa aphunzitsi. "Akuluakulu amazitcha kemisitiri."

"Kwathu timangoti kunyika nsalu," anatero Kawerenga.

Aphunzitsi anaseka. Kenako anatsegula katani.

Anthu onse anati, "Eee!"

Ana khumi, asanu ndi mmodzi anaima m'mizere. Kutsogolo psuu. Pakati psuu. Kumbuyo psuu.

Anaimba nyimbo yoyamba. Anaimba yachiwiri. Kawerenga anaimba ndi mtima wonse. Mwina anakweza mawu kuposa muyezo. Tisamunene, linali tsiku lake.

Atamaliza, anthu anaomba m'manja. Amalume anaimirira pabenchi.

"Malayawo ndasoka ndine!" anafuula. "Wofiiritsa ndi mlongo wanga! Wowerenga ndi uyo, wamfupiyo!"

Kawerenga anayamba kuwerenga anthu oomba m'manja. Mmodzi. Awiri. Atatu. Anayi.

Kenako anaona amayi. Amayi sankaomba m'manja. Anali atakweza dzanja lamanja m'mwamba. Chibangili chinkanyezimira.

Kawerenga naye anakweza dzanja lake. Kansalu kofiira kanali pomwepo.

Anali atafika pa angati paja? Sanakumbuke.

Tsiku limenelo Kawerenga anaiwala kuwerenga. Ndipo sanadandaule n'komwe.